Injini Yokana Kuzima

M'mawa wa Loweruka a kwa Alufandika anali pakhonde kumwa tiyi ndi chinangwa chophika. Amayi anakhala pamkeka atatambalitsa miyendo yawo yotupayo, akudandaula kuti chinangwa cha chaka chino n'chowawa ngati mankhwala a malungo, koma dzanja lawo silinkachoka m'mbale. Emily, mpongozi wawo, ankauzira phala la mwana. Mwamuna wake Davie anali atalawirira kugalaja kwake monga mwa masiku onse. Caroline, mwana wawo woyamba, ndiye anayamba kuona Sylvester wa kabaza.

Sylvester ankakonda kufika ndi hutala mpaka pakhomo, nkhuku n'kubalalika. Tsikuli anazimitsa njinga yake kumsewu n'kubwera akuikankha. Caroline anaika kapu pansi.

"Achimwene a Davie awatenga apolisi," anatero Sylvester atavula chipewa.

Anafotokoza ataimirira, osalandira mpando. Dzulo masana pikapu ya a Majidu, aja ogula nandolo ndi chimanga, inagunda bambo wina wa makala pa Lirangwe. Woyendetsa anatsika n'kuthawira m'minda. Wogundidwayo anali kuchipatala chachikulu m'tauni, osayankhula. M'galimotomo anapezamo ovololo ya Davie, ndipo kiyi anamupeza m'thumba mwake m'mawa womwewu.

Emily anati sizingatheke, dzulo madzulo Davie anabwera bwinobwino, anadya, mpaka anaseweretsa mwana. Amayi anayamba kufunafuna nsapato zawo, ngakhale kuti paulendo wa kutchalitchi pokha ankapuma kawiri. Caroline anawagwira paphewa n'kuwakhazikanso pansi.

Iye anali mlangizi wa zaumoyo, wa aja anthu kumudzi amangowatcha adokotala. Zaka zambiri zoyenda khomo ndi khomo kufunsa za zimbudzi, maneti ndi katemera zinamuphunzitsa kuti munthu ukamufulumizitsa amanama, koma ukamusiya pachete amayamba kudzaza yekha cheteyo. Anamanga chitenje, nakwera kumbuyo kwa Sylvester.

* * *

A Sajeni amene anawalandira kupolisi anali munthu wotopa koma waulemu. Anati iwo sadana ndi Davie, anawakonzerapo galimoto, koma zinthu zikuloza kwa iye. Anthu anamuona akuyendetsa pikapuyo m'mawa wa Lachisanu. Mwini galimoto wanena kuti kiyi anali ndi makaniko. Pa nthawi ya ngoziyo palibe anamuona kwina kulikonse. Lolemba akaonekera kukhoti, ndipo wa makala uja akapanda kudzuka, mlanduwo usintha dzina.

Davie anabwera pazitsulo opanda nsapato, atagwira buluku ndi dzanja chifukwa lamba anali atamulanda. Munthu wonenepa, woseka ndi thupi lonse, tsikuli ankaoneka ngati thumba lopungulidwa. Anati m'mawa anakaiyesa galimotoyo, n'kukaiimika pachitsetso kunja kwa mpanda wa a Majidu, pamene imakhala nthawi zonse popeza batire lake n'lofooka ndipo imalira ndi kukankha. Anagogoda, osayankhidwa. Amuna onse anali atapita kumzikiti. Anabwerera kugalaja ndi kiyi, ovololo anaiwala pampando, ndipo poti kunalibe ntchito anagona pansi pa lole ina mpaka dzuwa kupendeka.

"Anakuona ndani uli pansi pa loleyo?"

"Agalu, asisi."

Kenaka anasuzumira kumene kunali wapolisi, n'kuyandikitsa pakamwa pazitsulo.

"Galimoto ija si ya petulo tsopano. Ndinaikamo injini ya dizilo."

Ananong'oneza msangamsanga. A Majidu anatopa ndi kugona pamizere ya petulo, ndiye anagula injini ya galimoto ina yochita ngozi. Davie anaigwira ntchitoyo mkati mwa mpanda, geti lotseka. Anasintha mapaipi, anatsuka thanki, anawotcherera zogwirira injini. Chimene chinamukanika n'kulumikiza kozimitsira ku kiyi, ndiye anangoika waya pansi pa chiwongolero, woti ukakoka injini izime. A Majidu anamulumbiritsa kuti asauze munthu mpaka mapepala a galimoto atasinthidwa. Apolisi sanawauze poopa kuwonjezera mlandu pa mlandu.

"Koma chimene chikundizunguza mutu n'china," anatero. "Dizilo amene ndinasiyamo anali wongoyesera. Sakanadutsa pa Matindi. Inafika bwanji ku Lirangwe?"

Wapolisi anagogoda chitseko ndi ndodo kuti nthawi yatha.

* * *

A Majidu anali pabwalo pawo pakati pa matumba a nandolo, atavala mkanjo woyera, akusuntha mikanda ya tasibihi ndi chala. Anali munthu woyankhula mawu amodzi amodzi ngati akuwayeza pasikelo. Anamupatsa Caroline mpando, namulonjera bwino, kenaka anati mtima wawo wasweka, chifukwa Davie ankamutenga ngati mwana wa m'nyumba.

Caroline anawasiya amalize. Atamaliza anati Davie wamuuza za injini.

Chala chinaima pamikanda. A Majidu anayang'ana kukhitchini, n'kukokera mpando wawo pafupi.

"Adokotala, nkhani imeneyo tikuidziwa ndife awiri, inu ndinu wachitatu. Ikafika kukhitchini lero, mawa ili pamjigo, mkuja ili kwa a trafiki. Ndipo anthu a kuno mukuwadziwa. Akaona wasintha kanthu amati wakhwima."

Caroline anafunsa ngati a pakhomo sanadabwe ndi kalilidwe kake. Iwo anati anawauza kuti ekizozi yabooka, basi. Anafunsanso ngati kiyi ndi mmodzi yekha. Anati alipo wina, amasunga mayi m'chitini kuchipinda, ndipo sanatulukemo chaka chonse. Anaitana.

Mayi Sikina anatuluka akupukuta m'manja, mpango utatsika mpaka pansidze. Anagwada chapatali. Anati kiyi ali momwemo, palibe wamukhudza. Amuna awo atati amuonetse adokotala kuti mtima ukhale pansi, iwo sanapite kuchipinda. Anamasula mfundo ya kunsonga kwa chitenje chawo, kiyi n'kugwera m'dzanja. A Majidu anali akuyang'ana pansi, sanaone. Caroline anaona, koma anangothokoza.

Maso a mlangizi sakhala pamodzi akafika pakhomo pa munthu. Amapita kudzala, kuthandala, kuchingwe choyanikira. Pachingwepo panali buluku la jinzi lopapatiza miyendo, lochapidwa kumene, madzi akudonthabe. M'munsi mwake munali mutakakamira chisoso chimene sopo analephera kuchotsa.

"Kodi Hakimu wabwerako ku Joni?" anafunsa ngati wongocheza.

A Majidu anawala nkhope pang'ono. Anati mwana wawoyo anafika sabata yomweyi, wanenepa, waphunzira ndi kuyankhula kwa kumeneko. Mayi Sikina anawonjeza mwachangu kuti wapita ku Mdeka kukaona ankolo ake, anthu a kumeneko amusowa.

"Dzulo masana anali kuti?"

"Kumzikiti, ndi ine. Tinanyamukira limodzi pano. Ine ndinali mzere wakutsogolo, iye kumbuyo ndi anyamata anzake."

"Munamuona ali kumbuyoko?"

A Majidu anamwetulira momukhululukira, poti Caroline anali Mkhristu.

"Adokotala, munthu poswali sacheuka."

Pamene Caroline ankatuluka pageti, mayi Sikina anali akuanula buluku lija lisanaume.

* * *

Pa Lirangwe msika unali utadzaza. Pikapu ija inali pambali pa msewu pamene anthu anaikankhira, nyali imodzi itasweka, ndipo mkulu wina wa chitetezo cha m'mudzi ankailondera atakhala pathayala. Pamsewu panali mabala akuda a makala opondedwa.

Caroline ndi Sylvester sanavutike kufuna mboni. Mayi wina wa tomato, dzina lake Gertrude, anawapeza yekha, akuyankhula asanafike n'komwe.

"Mwabwera za dzulo? Funsani ine, musafunse awo, awo anafika zitatha, angokunamizani. Ine ndinali apa, beseni langa apa. Inatulukira uko ikudumphadumpha ngati mbuzi yokana chingwe, utsi woyera mbwee kumbuyo, ikugogoda ngati muli munthu ndi hamala. Ndinati kwa mnzangayu, iwe, chotsa ana. Kenaka zii, yazima yokha. Koma ikubwerabe, poti apa mpotsetsereka. Ndinamuona ndi maso angawa woyendetsayo atachita kuimirira pabuleki, koma ayi ndithu. Bambo aja anali atangotsika panjinga kuti amange bwino thumba."

Apa anasiya kaye, napukuta mphuno ndi chitenje.

Caroline anafunsa za nkhope. Gertrude anati nkhope sanaione, inali m'chipewa, ndipo sanganamizire mwana wa munthu. Chimene anaona ndi msana ukulowa m'munda wa nandolo, ndi timiyendo ngati ta adokowe m'buluku lothina. Anthu anathamangira kwa wovulala, pofuna kuti amutsate n'kuti atapita.

Caroline anakumbukira thupi la mchimwene wake, amene kuthamanga anasiyira kupulayimale. Koma miyendo si umboni. Anapita kwa mlonda uja, namupatsa moni, namufunsa za bondo lake lomwe anali atalimanga nsanza, kenaka anapempha kuti aone pothirira mafuta. Mkuluyo anati kuona sikuba.

Pakachitseko kake panali mawu ofiira opentedwa kalekale ndi dzanja: PETULO. Sylvester anatsegula chivundikiro, nathyola kaphesi, nakalowetsa. Atakatulutsa anakanunkhiza, n'kudonthetsera pachala. Dontholo linauma nthawi yomweyo.

"Petulo, asisi. Nanga mumayembekeza chiyani? Njinga yangayi imamwa yemweyu."

Caroline anamukokera pambali n'kumuuza zimene Davie ananena. Sylvester anapita kukasuzumira pansi pa galimoto, nabwerako akupukusa mutu. Anati tsopano zamveka. Injini ya dizilo ukaimwetsa petulo imayenda pang'ono ndi wotsalira m'mapaipi, kenaka imayamba kugogoda, imafuka, n'kufa. Ndipo ikafa uli paliwiro, buleki imauma gwa ngati mwala.

"Achimwene sangathire petulo m'injini yoti aika okha," anatero. "Ngakhale ataledzera chotani."

"Ndiye tipeze amene anathira. Pakati pa Chileka ndi Matindi amagulitsa wa m'zigubu ndani?"

Sylvester anayang'ana kumbali, nakanda m'khosi. Anati alipo angapo, koma wa m'mbali mwa msewu weniweni, woti mlendo n'kumuona, ndi mmodzi. Anapempha kuti akafika asatchule kuti wawalondolera ndi iye.

* * *

Lajabu anali pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa kagolosale, patebulo pake pali timabotolo ta mafuta ophikira. Fungo la pamalopo silinali la mafuta ophikira. Ataona mayi wachilendo akutsika panjinga, anakankhira fanulo pansi pa tebulo ndi phazi.

Anati iye za petulo sazidziwa, amamva pawailesi kuti akusowa. Pikapu sanaione. Dzulo sanabwere n'komwe, anali ndi mutu. Ankayankha mwachidule, maso ali kumsewu.

Caroline sanatsutse. Anakhala pabenchi, navula nsapato imodzi n'kukhutula mchenga. Mkazi wa Lajabu anadutsa ndi mwana kumsana akutsokomola, ndipo Caroline anamuitana, namvetsera chifuwacho, nafunsa ngati amagona pafupi ndi zigubu. Mkaziyo anati zimakhala kuchipinda komweko, poopa akuba. Caroline anati azichotse lero lomwe, mpweya wake ndi umene ukumupweteka mwanayo. Lajabu anamva zonsezo.

Anakhala choncho. Malole ankadutsa, fumbi n'kutera pamabotolo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Ndinu apolisi?" anafunsa Lajabu pomaliza.

"Ndine mlongo wake wa amene ali m'chitokosi."

Lajabu anapumira m'mwamba. Anayamba ndi kunena kuti iye alibe mlandu, anachenjeza. Pikapuyo inaima pomwepo dzulo, anthu ali kumapemphero a Juma. Iyenso akanakhala kumzikiti, koma Lachisanu masana ndi pamene malonda amayenda.

"Nditangoimva ndinati amwene, iyi ikulira ngati ya dizilo. Anandiseka. Akuti ekizozi yabooka, mdala wanena yekha. Akuti ine ndaphunzirira kuyendetsa pagalimoto yomweyi ndili mwana, iwe ungandiuze chiyani? Mpaka anandigwira dzanja kukandiwerengetsa pakachitseko paja. Ndiye ine n'kutani? Wogula ndiye bwana."

"Munathira."

"Ndinati zimitsani kaye. Anapotokola kiyi, injini ikulirabe. Anamuzula n'kumugwira m'manja chonchi, iyo ikungoti gudugudu. Ine thupi linachita tsemwe. Iye anaseka, koma kuseka kwa mantha, akuti galimoto ya mdala yalowa majini. Tinathira ikulira choncho."

Caroline anafunsa kumene ankathamangira. Lajabu anati ku Mdeka, kuli mtsikana amene bambo ake samufuna. Pampando panali chikwama cha zovala za ku Joni. Ankati akatula n'kubwerako mdala asanamalize kucheza ndi anzake pakhomo pa mzikiti.

"Dzina sindinatchule," anatero mwadzidzidzi.

"Simunatchule."

"Ndipo kupolisi sindipita. Ndikakalowa kumene kuja ndi fungo ili sindikatulukako. Ana anga adya chiyani? Mukabwera nawo apolisi mupeza pano palibe munthu."

Caroline anavala nsapato yake. Atatsala pang'ono kukwera njinga, Lajabu anamutsatira n'kuyankhulira pansi, ngati mawuwo akumuwotcha m'kamwa. Anati anyamata a kabaza a ku Mdeka akunena kuti pali wina wawapempha kuti mawa m'mamawa akamutule pa Zalewa, pamene imadutsa basi ya ku Joni.

* * *

Ali m'njira anaimbira a Sajeni. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula. Anati za petulozo n'zomveka ndipo Lolemba atumiza munthu akaone, koma fungo lilibe dzina. Sangakagwire mwana wa wodandaula chifukwa cha buluku lonyowa ndi mawu a munthu wokana kuonekera, pamene bambo ake akulumbira kuti anali naye kumzikiti. Abweretse mboni, apo ayi mwini wakeyo abwere yekha. Caroline anati pofika Lolemba mnyamatayo adzakhala atawoloka malire awiri. A Sajeni anati akudziwa.

Caroline anafika kwa a Majidu dzuwa litafiira. Sanadzere kubwalo. Anazungulira kukhitchini, kumene anapeza mayi Sikina akusankha mpunga m'lichero. Anakhala pambali pawo n'kuyamba kuwathandiza kutola timiyala.

Kenaka Caroline anawakumbutsa kuti Hakimu anamuyeza yekha kusikelo chaka chimene anayamba ntchito, kamwana kolira kokana kulowa m'kabudula wa sikelo. Anati sanabwere ngati mdani. Anafotokoza zimene anaona ndi kumva, chimodzi chimodzi, mosakweza mawu: kiyi wa m'chitenje, chisoso, miyendo yolowa m'munda, ndi mnyamata wonena kuti anaphunzirira pagalimoto yomweyo.

Manja a mayi Sikina anapitiriza kusankha mpunga, koma ankataya mpunga n'kusiya miyala.

"Ndi mmodzi yekhayo wamwamuna," anatero osadzutsa mutu. "Anabwera kuno minga ili thupi lonse. Akuti amayi, ndinaponda buleki, ndinaponda, Mulungu ndi mboni. Inu mukanatani?"

"Sindikudziwa chimene ndikanachita. Koma amayi anganso wamwamuna ali naye mmodzi."

"Davie amutulutsa. Alibe mlandu, aona okha."

"Aona bwanji, mayi, woti awaonetse ali m'basi?"

Kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. A Majidu anali ataima pamenepo ndi ketulo ya madzi osambira m'manja popita kukaswali. Sizinadziwike kuti afika nthawi yanji, koma nkhope yawo inasonyeza kuti amva zokwanira. Anati mwana wawo anali kumzikiti. Ananenanso kachiwiri, koma kachiwiriko mawu anatuluka opanda msana.

Caroline anawauza za kiyi wozulidwa injini ikulirabe, ndi za petulo wa m'thanki. Anati mnyamatayo anachenjezedwa kuti ikulira ngati ya dizilo, koma anakhulupirira mawu a bambo ake akuti ndi ekizozi. Anati galimotoyo sinagunde munthu chifukwa cha liwiro kapena mowa. Inafa yokha pachitsetso, buleki n'kuuma.

Mayi Sikina anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Dizilo wake uti?"

A Majidu anayang'ana kumbali.

"Bambo a Hakimu, ndikufunsa. Dizilo wake uti?"

A Majidu anayamba kunena za mapepala, za a trafiki, za anthu a nsanje, koma mkazi wawo, amene pa zaka zonse zimene Caroline anawadziwa sanayankhulepo ataimirira pamaso pa amuna awo, anaimirira.

"Munauza makaniko. Mwana wanu munamuuza za ekizozi. Ine munandiuza za ekizozi. Kiyi ndinamupatsa ndine, inde, ndinati apite abwere msanga, galimoto ndi ya bambo ake, amaidziwa. Ndikanadziwa kuti mwaisintha mtima ndikanamupatsa?"

Chapatali mawu oitanira anthu kumapemphero a madzulo anayamba kumveka. A Majidu anayang'ana ketulo ili m'manja mwawo ngati sakudziwa kuti aitenga liti. Caroline anadikira kuti anene kanthu, kaya kukana, kaya kulonjeza. Anawauza kuti basi imadutsa pa Zalewa m'mamawa, ndipo iye alibe mphamvu yoiimitsa.

"Pitani kwanu, adokotala," anatero a Majidu. "Kwada."

* * *

Lamulungu Caroline anadzuka ndi mutu wolemera. Amayi ndi Emily sanawauze zambiri, anangoti pali chiyembekezo, ndipo Emily anamuyang'ana ngati munthu amene wamva mawu amenewo kuchipatala. Belu loyamba la kutchalitchi linalira, palibe anavala. Caroline anatenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo. Anasesa mpaka kumsewu, kumene sankasesako, n'kubwereranso kusesa pomwe wasesa kale.

Dzuwa linakwera. Ndege ya m'mawa inadutsa pamwamba pa mitengo kulowera kubwalo lake. M'mutu mwake ankangoona basi ikuima pa Zalewa, chitseko chikutseguka, kenaka msewu wa ku Mwanza uli pululu. Anayamba kuganiza zimene akamuuze Davie popita ndi chakudya, ndi mmene angabwererenso kwa Lajabu kukagwada.

Minibasi ina inaima pamphambano, n'kutsitsa anthu awiri.

Kutsogolo kunali a Majidu, mkanjo wa dzulo womwe uja, wofumbirira m'munsi. Kumbuyo kwawo kunali mnyamata wamtali wowonda, wopanda chipewa, wopanda chikwama, manja ali lende. Ankayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu wopita kupolisi. Pena mnyamatayo ankatsalira, ndipo bambo ake ankaima osacheuka mpaka awapeze.

Atafika pamene panali Caroline, a Majidu anaima.

"Mwadzuka bwanji, adokotala?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, bambo?"

"Tadzuka."

Anayang'ana nyumba, nayang'ana amayi ali pakhonde. Anati a kuchipatala anena kuti bambo wa makala uja watsegula maso usiku, wapempha madzi. Anati akachoka kupolisi apita komweko. Hakimu anadzutsa mutu. Caroline anamuuza kuti akafika akanene zonse monga zinachitikira, ndi za buleki zomwe, asasiyeko. Mnyamatayo anagwedeza mutu.

Caroline anawayang'ana mpaka anakhota pa chigayo. Kenaka anatsamiritsa tsache pamtengo n'kubwerera kunyumba. Amayi anafunsa kuti anthu aja ndani, maso awo saona patali. Caroline anati ndi a Majidu ndi mwana wawo, akupita kumtunda.

Emily anali pakhomo la khitchini ndi mwana m'manja, akumuyang'ana kukamwa.

"Alamu, mundipatse mwanayo," anatero Caroline. "Inu katerekeni madzi oti Davie adzasambe. Mudzaze ndowa yaikulu ija, ndipo sopo akhale watsopano."